Wagoneka Kapena Wapha?

1. Mlandu suwola

Milungu itatu inali itadutsa, koma Zalazala anali asanaiwale. Akanaiwala bwanji pamene womuchita chipongweyo ankakhala moyang'anizana naye tsiku ndi tsiku, atamanga tayi yofiira, akumwa tiyi mokoka ngati ofesiyo ndi ya bambo ake?

Dzina lakuti Zalazala anamupatsa ndi anthu a mu ofesi ya mlembi pa koleji ya ntchito zamanja, chifukwa mtsikanayu akagwira kiyibodi zala zake sizinkaoneka. Mnyamata wa tayi yofiirayo anthu ankangomutcha Tayi. Onse awiri anali atangomaliza sukulu, onse anali pa ntchito yoyeserera, koma malo a ntchito yeniyeni anali amodzi okha. A Mlembi anali atanena poyera kuti mwezi ukatha atenga mmodzi, winayo aziona njira.

Ntchito ya mu ofesimo sinkachitikira m'makompyuta a pamatebulo. Pulogalamu yolembera mayina ndi malikisi a ophunzira inkakhala pa seva, chikompyuta chachikulu cha ku likulu la koleji, kutsidya lina la mzinda. Munthu ankatsegula zenera pa kompyuta yake, n'kulemba dzina ndi kiyi wake wachinsinsi, basi n'kupezeka ali m'chipinda chake pa sevapo. Koma seva inkalola anthu atatu okha nthawi imodzi, ndipo mu ofesimo ankati ili ndi mipando itatu. Pulogalamuyo nayo inali yakalekale ndi yamakani. Sinkasunga kanthu mpaka munthu atadina batani lotumiza.

Woyang'anira makina onse pa kolejipo anali azakhali ake a Zalazala, mlongo wawo wa bambo ake. Ndiwo anamupemphera malo oyesererawo. Ndiwonso anapereka mayina kwa njira ziwiri zotulukira pa seva.

Njira yoyamba ankaitcha kugoneka. Ukadina kamtanda ka pakona, zenera limatsekeka, mpando umatsala wopanda munthu, koma ntchito yako imatsala m'chipinda chako ili gone, mmene waisiyira. Ukabwerako, kaya mawa kaya mkuja, umaipeza pomwepo.

Njira yachiwiri ankaitcha kupha. Imeneyo ndi yotulukiratu. Seva imasesa chipinda chonse, ndipo chilichonse chimene sunatumize chimapita osabweranso.

N'chifukwa chake poweruka azakhali ankaima pakhomo n'kufunsa aliyense kuti, "Wagoneka kapena wapha?" Funsoli linasanduka nthabwala. Munthu akangoomba udzudzu pamkono, anzake ankamufunsa lomweli.

Tsiku la chipongwe lija Zalazala anali atalemba malikisi a makalasi asanu kuyambira m'mawa. Anapita ku nkhomaliro atasiya zenera lake lotsegula. Tayi anafuna mpando, napeza yonse itatu ili ndi eni ake. Masiku amenewo kiyi wamkulu wa azakhali, amene amatha kuchotsa munthu pa mpando, ankakhala pa kapepala pansi pa kiyibodi ya a Mlembi. Tayi anangosolola kapepalako. M'malo momugoneka mnzakeyo, anamupha.

Zalazala pobwera anapeza chipinda chake chili mbee. A Mlembi anamukalipira pamaso pa onse kuti ndi wosasamala. Tayi sanadziulule. Kenako anakonza tayi yake n'kulankhula mokhala ngati womvera chisoni.

"Mumukhululukire, bwana. Zala n'zachangu, koma mutu umatsalira m'mbuyo."

Ofesi yonse inafa ndi phwete. Ngakhale mayi wina amene anangodzafunsa za mwana wake anaseka nawo.

M'mawa mwake azakhali anafufuza ndipo choona chinatuluka. Tayi anati sankadziwa kusiyana kwa kugoneka ndi kupha, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanapepese. A Mlembi nawo sanabweze mawu awo. Azakhali anasintha kiyi n'kuwotcha kapepala kaja, koma mawu a Tayi sanapse nawo. Anatsala mu ofesimo, akuyenda pakamwa pa aliyense. Abale inu, kusekedwa pagulu kumawawa, ndipo mtsikanayu anasunga chakukhosi.

2. Khoswe pa mkhate

Linafika Lachisanu lotumiza mayina a ophunzira olemba mayeso akuluakulu a chaka. Khomo la ku likulu lolandirira mayinawo linkatsekeka 12 koloko masana, ndipo wotsala kunja ankadikira chaka chamawa. Ntchito yaulemuyi a Mlembi anaipereka kwa Tayi. Masiku awiri anakhala akudonyola kiyibodi ndi zala ziwiri, mpaka anafikitsa mayina 280. Kunatsala mayina 32 a kalasi ya zosokasoka, amene mafomu awo anali akadali kwa mphunzitsi wawo.

Itakwana 9 koloko Tayi anaimirira kukatenga mafomuwo. Zenera lake analisiya lotsegula dala kuti aliyense aone kutalika kwa mndandanda.

"Pasapezeke wokhudza kompyuta iyi," anatero akuyang'ana kwa Zalazala. "Moyo wa koleji uli m'menemu."

Atangotuluka, azakhali anamukodola Zalazala kuti alowe m'kachipinda kawo kodzaza mawaya. Tsaya lawo linali litatupa.

"Khala pansi, iwe. Dzino ili sindinagone nalo, ndikupita kukazulitsa. Lero ndi tsiku lothina. A Mlembi afuna mpando nthawi ina iliyonse, ndipo akapeza yadzaza, muno muyaka moto. Ndikukusiyira kiyi wanga pa kapepala aka. Wa kiyi ameneyu ali ndi khomo lakelake, salimbirana mpando ndi munthu. Ukalowa upeza mayina a onse amene ali pa seva. Ukadina dzina la munthu pamatuluka mawu awiri achingerezi. Apamwamba ndi ogoneka, apansi ndi opha, ndipo mpata wa pakati pake ndi chikhadabo chokha. Iwe goneka. Ukatero ulembe pa tsamba langa la zochitika, limene limatseguka lokha, kuti wachita chiyani ndiponso nthawi yanji, n'kusunga. Potuluka uphe chipinda changacho, changa chokha, monga ndimachitira ine. Kapepalaka ung'ambe."

"Ndamva, azakhali."

Zalazala anatambasula dzanja, koma azakhali sanakataye kapepalako. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndakuona maso akowo. Ukuyesa sindidziwa chimene chikuwira m'mtima mwako? Ndinakusambitsa ine uli kakhanda. Mnyamata uja anakulakwira, sindikukana, ndipo a Mlembi sanabweze mawu awo. Zimawawa. Inenso nditangoyamba ntchito pano panali bambo wina amene ankauza alendo kuti ndine wopukuta makompyuta. Ndinagwira naye ntchito zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tsiku limene ankapuma pa ntchito ndine ndinamunyamulira katundu. Sindikuti zinali zokoma. Koma tamvera, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Amene wakhala pa mpando uja lero si Tayi yekha ayi. Wakhalira mayina a ana a eni ake, amene atha zaka ziwiri akupala matabwa, akuwotcherera zitsulo, akudzibaya ndi singano. Ukagenda khoswe uswa mkhate, khosweyo n'kuthawa ali bwinobwino."

"Azakhali, mukundiyesa mwana?"

"Ndikukuyesa munthu wokwiya, ndipo sindinamalize. Seva sidziwa nkhope, imadziwa kiyi basi. Chilichonse chimene uchite, idzalemba kuti ndachita ndine. Chimene ndikukupatsachi si kapepala, mwana wa mlongo wanga. Ndi dzina langa, limene ndalisunga pano zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu lopanda banga. Udzandibwezere mmene walitengera."

"Nkhani ya Tayi ndinaiwala kalekale ine."

"Bodza. Mkwiyo wako sunauphe, unangougoneka. Ndipo chogoneka chimadzuka."

Anamupatsa kapepalako, natenga chikwama chawo, n'kutuluka atagwira tsaya.

3. Mpata wa chikhadabo

Patapita kanthawi, chitseko cha a Mlembi chinatseguka mwamphamvu. Anali bambo wamtali, wa magalasi olendewera pa chingwe, amene akakhala pa changu ankaiwala mayina a anthu.

"Iwe mtsikana! Mipando yadzaza. Azakhali ako akuti akusiyira kiyi. Ndipezere mpando msangamsanga!" Anabwerera m'chipinda mwawo osadikira yankho.

Zalazala anatsegula zenera, nakopera kiyi wautaliyo chilembo ndi chilembo. Chipinda cha azakhali chinatseguka. Mayina atatu anaoneka. Panali wina wa ku likulu, panali mayi wolemba ziphaso amene anali pomwepo akugwira ntchito, ndipo panali Tayi, amene mpando wake unali wopanda munthu. Woyenera kuchotsedwa anali wodziwikiratu.

Anadina dzina la Tayi. Mawu awiri aja anatuluka. Anakankhira mausi pa mawu apamwamba. Kunena zoona, pa mphindi imeneyo mtsikanayu anali pa njira yabwino, ndipo chala chake chinali chitatsala pang'ono kutsika.

Apo mayi wa ziphaso anatukula mutu n'kumwetulira. Sanali mayi woipa, kungoti pakamwa pake panalibe chitseko.

"Usalakwitsetu, mwanawe. Paja mutu umatsalira m'mbuyo!"

Anaseka yekha n'kubwerera pa ntchito yake.

Zalazala anayang'ana tebulo la Tayi. Jekete lake linali pa mpando. Kapu yake ya tiyi anali ataikhazika pa kope la Zalazala, ndipo pachikuto panali patadindika mkombero wonyowa.

Mausi anatsika mpata wa chikhadabo.

Seva ndi yaulemu, imafunsa kawiri. Panatuluka kabokosi kochenjeza kuti ntchito yonse yosatumizidwa ya munthuyu itayika, n'kufunsa ngati watsimikiza. Zalazala anawerenga mawu onse, sanadumphe ngakhale amodzi. Kenako anavomera.

Pa kompyuta ya Tayi zenera linaphethira kamodzi n'kutsekeka. Panalibe phokoso. Mayina 280 anafa mwakachetechete, mayi wa ziphaso akung'ung'udza kanyimbo.

Ha, kukoma kwake! Chimwala chimene chinakhala pachifuwa milungu itatu chinachoka. Tsamba la zochitika linali lotsegula pambali, likudikira. Zala zake zinathamangira kiyibodi zokha:

*9:52. Ndamupha Tayi. Zala n'zachangu, mutu uli pomwepo. Lawa nawe.*

Anawerenga kawiri, akumwetulira. Sanasunge. Ankadziwa kuti akamapha chipinda cha azakhali potuluka, mawuwo asesedwa nawo limodzi, osatsala ndi fungo lomwe. Ankangofuna kuwaona pang'ono atalembedwa.

"Mpando wapezeka?"

A Mlembi anali balamanthu kumbuyo kwake. Mtima unalumpha, dzanja linalumpha nawo, n'kukagwera pa kamtanda ka pakona. Zenera linatsekeka a Mlembi asanavale magalasi.

"Wapezeka, bwana."

"Chabwino. Tsopano ndibweretsere fayilo ya amisiri a njerwa."

Anapita nayo fayiloyo. Pobwerera anang'amba kapepala ka kiyi tizidutswa ting'onoting'ono, natitaya m'bini, n'kuthirapo masamba a tiyi otsala m'ketulo. Iye amene ankadziwa kusiyana kwa njira ziwiri zija kuposa aliyense mu ofesimo sanaime n'kudzifunsa funso la azakhali ake. Maso ake anali pakhomo, kudikira Tayi.

4. Lawa nawe

Tayi analowa akuimba mluzu, mafomu 32 ali m'khwapa. Ataona zenera lake lotseka anaseka.

"Ndani wandigoneka ine? Anthu inu mulibe ulemu ndi akuluakulu."

Anakhala pansi, nalemba kiyi wake mokhala ngati akuimba limba. Chipinda chinatseguka chili mbee. Anatseka, natsegulanso. Mbee. Mluzu unatha. Anafunafuna uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, mpaka dzanja linapita lokha pakhosi kukamasula tayi.

Zalazala ankaonerera zonsezi akusongola pensulo imene inali yosongoka kale.

A Mlembi atamva anatuluka ngati aponda moto. Anamufunsa Tayi mafunso asanu nthawi imodzi osamupatsa mpata woyankha. Mnyamatayo ankangoti, "Ndinasiya zonse, bwana, zonse zinali pomwepa."

"Iwe mtsikana, unachita chiyani pomuchotsa pa mpando?"

"Ndinagoneka, bwana, monga anandiuzira azakhali. Mwina anadina yekha polakwika pochoka." Anaima kaye pang'ono kuti aliyense amve bwino. "Mumukhululukire, bwana. Tayi ikathina, magazi safika kumutu."

Mayi wa ziphaso anatulutsa kaphwete n'kudzigwira pakamwa. Tayi anamuyang'ana Zalazala, ndipo Zalazala anamuyang'ananso m'maso muli gwa. Milungu itatu anakhala akudikira nkhope imeneyi, ndipo inali yokoma kuposa mmene ankaganizira.

Wotchi ya pakhoma inali pa 10:20. Mndandanda wa koleji unali umodzi, ndipo seva inkalola munthu mmodzi yekha kulembamo. A Mlembi anamukoka Tayi pa mpando ngati thumba.

"Choka apa! Iwe wa zala, khala apa. Uyu aziwerenga, iwe uzilemba. Yambani ndi mafomu akale, atsopanowo pomaliza."

Ndiye kunali kuona! Tayi ali chilili ngati mwana wa sukulu wopatsidwa chilango, akuwerenga dzina ndi nambala, Zalazala akumukalipira.

"Kweza mawu! Wati chiyani? Fulumira, aka n'koyamba kuona zilembo?"

Kiyibodi inkalira ngati mvula pa malata. Mayi wa ziphaso anasiya ntchito yake n'kumatembenuza mafomu. A Mlembi ankazungulira tebulo, maso pa wotchi. Amisiri a matabwa analowa onse. A zitsulo analowa. A magetsi, a njerwa, a mipope, onse analowa. Patatsala mphindi ziwiri kuti 12 koloko ikwane, dzina la nambala 280 linalowa.

"Tumiza! Tumiza zomwezo!" anakuwa a Mlembi.

Anadina. Likulu linalandira, khomo n'kutsekeka.

A Mlembi anadziponya pa mpando napukuta nkhope. "Mtsikana uyu watichotsa manyazi. Ntchito ya masiku awiri, iye ola limodzi ndi theka! Mwezi ukatha ndikudziwa amene atsale muno."

Tayi anali atakhala pakona, tayi yake itatulukira m'thumba la buluku. Pa tebulo panatsala mulu waung'ono wa mafomu amene sanakhudzidwe.

"Nanga a zosokasokawa, bwana?" anafunsa mayi wa ziphaso.

"Adikira chaka chamawa," anayankha a Mlembi motsitsa mawu. "Tingatani?"

Zalazala anamva, koma khutu lake linali likadali pa mawu oyamba aja. Anatenga kapu ya Tayi pa kope lake n'kuikankhira kumapeto kwa tebulo.

5. Chogoneka chimadzuka

Anthu atabwerako ku nkhomaliro foni ya a Mlembi inalira. Anakalankhula m'chipinda mwawo chitseko chili chotseka. Potuluka nkhope inali itasintha. Nthawi yomweyo azakhali analowa, thonje lili m'kamwa, tsaya limodzi lili lende.

"Mayi, mwafika bwino," anatero a Mlembi. "A ku likulu akuti seva sinalakwe, mnyamatayunso sanalakwe. Chipinda chake chinaphedwa 9:52 ndi kiyi wanu. Ana 32 atsala kunja. Akuti muyambe mwaima ntchito, Lolemba mukaonekere kumeneko."

Azakhali anaika chikwama pansi pang'onopang'ono, natembenukira kwa mwana wa mlongo wawo.

"Wagoneka kapena wapha?"

Kanali koyamba kuti funsoli lifunsidwe popanda wina kuseka.

"Ndinagoneka, azakhali. Mwina seva inasokonezeka."

Azakhali anagwedeza mutu. Analankhula movutikira chifukwa lilime linali likadali dzanzi, koma mawu onse ankamveka.

"Bwana, kiyi ndi wanga, ndipo ndinapereka ndine. Mlandu umenewo ndiusenza, sindiuthawa. Koma ndikufunseni chinthu chimodzi. A ku likuluwo anena kuti chipinda changa chili bwanji panopa?"

A Mlembi anayang'ana kapepala kamene analembapo. "Akuti chili gone chiyambire 9:53."

"Ine sindigoneka chipinda changa. Zaka zonsezi ndimapha potuluka, chifukwa kiyi wamkulu sasiyidwa khomo lili lotsegula. Ndiye kuti amene analowamo anatuluka mothawa. Chogoneka sichisintha, bwana. Chimadzuka mmene anachigonekera. Tiyeni tichidzutse tione."

Apa m'pamene Zalazala anakumbukira kamtanda ka pakona kaja. Anayang'ana bini, koma munali masamba a tiyi okhaokha ndi tizidutswa tonyowa. Ngakhale kapepalako kakanakhala kathunthu, akanalowa bwanji anthu onsewa akuona?

Onse analowa m'chipinda cha a Mlembi, mmene munali kompyuta ya sikirini yaikulu. Azakhali anakhala pansi, nalemba dzina lawo ndi kiyi wawo. Batani lomaliza sanadine. Anachotsa manja pa kiyibodi n'kuwapinda pamiyendo.

"Mwana wa mlongo wanga, bwera apa. Ine sindikudziwa chimene chili m'chipindamu. Iwe ukudziwa. Pakamwa pako pakhoza kufika seva isanafike, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Wolakwa wodziulula yekha anthu amamukalipira, kenako amamupatsa mpando. Wogwidwa ndi umboni amamutsekulira chitseko. Dzanja limaterereka, mpata uja ndi wa chikhadabo, ndinakuuza ndekha. Ngati linaterereka, nena. Ngati silinaterereke, nenanso. Ine ndi bambo ako tinabadwa mimba imodzi, sindingakutaye. Koma sindingakubise ana a eni ake ali panja. Ndikufunsa komaliza."

Zalazala anatsegula pakamwa. Mawu anali atafika pakhosi. Koma pakhomo panali Tayi, ataima ndi maso ofiira, akumuyang'ana. Kuvomera pamaso pa ameneyu? Kuti mawa akonzenso tayi yake n'kupeka mwambi wina? Anatseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali.

Azakhali anadikira. Wotchi inkamveka kugunda kuchokera mu ofesi yaikulu.

"Chabwino," anatero. Anaimirira n'kumukokera mpandowo. "Wa zala zachangu ndiwe. Dina."

Zalazala anakhala pansi. Anadina.

Chipinda chinadzuka mmene anachisiyira. Mndandanda wa mayina unali pomwepo, ndipo pambali pake tsamba la zochitika linali lotsegula, kamzere kakuphethira kumapeto kwa mawu omaliza, kudikira mwini wake kuti apitirize.

A Mlembi anavala magalasi, naweramira sikirini, n'kuwerenga mokweza monga ankawerengera makalata onse.

"Ndamupha Tayi. Zala n'zachangu, mutu uli pomwepo. Lawa nawe."

Palibe anaseka. Mayi wa ziphaso anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. A Mlembi anavula magalasi n'kuwasiya alendewere.

Azakhali anayang'ana mawuwo nthawi yaitali. Misozi inalengeza, koma sanailole kugwa.

"Pa tsamba langa," anatero chapansipansi. "Pansi pa dzina langa."

Go! Go! Go! Kunamveka kugogoda pa chitseko cha ofesi yaikulu.

"Odi, bwana!" Anali mawu ansangala a mphunzitsi wa zosokasoka, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la ophunzira akukankhana. "Ana angawa akana kupita kwawo. Akuti aone kaye mayina awo pa mndandanda!"

A Mlembi anayamba kuimirira, koma azakhali anawaletsa ndi dzanja. Anapita pa tebulo la Tayi, natenga mafomu 32 aja, nawasanja bwinobwino, n'kuwaika m'manja mwa Zalazala.

"Khoswe ndi uyo waima apoyo, ali bwinobwino," anatero. "Eni mkhate ndi awo ali pakhomo. Katsegule."